Maso a Mkamwini Wanga

Kuseri kwa nyumba yanga ku Mandimba kuli kanyumba ka zipinda ziwiri kamene sindilola munthu kusungamo ngakhale thumba la makala. Mkazi wanga wayesapo kangapo. Lero akuti nkhunda zikusowa pogona, mawa akuti chimanga chikunyowa pakhonde pamene kanyumba kangokhala chabe. Ine ndimati nkhundazo zikadandaule kwa amene anazilenga. Kanyumba kameneka anamanga ndi mkamwini wanga, njerwa anaumba yekha, ndipo munkagona mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatisiyira. Anasamuka patangopita miyezi yochepa kuchokera tsiku limene ndinayimbira nkhonya za mwamuna wake ku Cuamba. Ndimawasowa. Pa ukalamba uno palibenso china chimene ndapempha koma kuti abwerere.

Ntchito yanga yolandirira malipiro inali yophunzitsa ana masewera olimbitsa thupi pasukulu, koma mukafika pamsika n'kufunsa za mphunzitsi ameneyo, akuyang'anani ngati mwasochera. Munene kuti mdala uja woyimbira nkhonya, aliyense akulozerani njira. Kuyimbirako ndinakaphunzira ku Cuamba tsitsi lidakali lakuda, kwa mkulu wina wogwira ntchito kunjanji, amene mphuno yake inaphwanyidwa kalekale n'kupolera cham'mbali. Ankatisonkhanitsa m'nyumba yosungiramo thonje, nthawi imene thonjelo linali litapita. Mkulu ameneyo anali wamwano kuposa ine, ndipo ondidziwa akuuzani kuti zimenezo si zapafupi.

Anthu ambiri amayesa kuti woyimbira, uja amazungulira m'kati mwa zingwe atavala malaya oyera, ndiye amasankha wopambana. Ayi ndithu. Osankha ndi oweruza atatu amene amakhala pansi kunja kwa zingwe, aliyense mbali yake, osayankhulana, aliyense ndi timapepala take. Chigawo chikatha, amene wachita bwino amamulembera mapontu khumi, winayo asanu ndi anayi, kapena asanu ndi atatu ngati wadyadi zibakera. Ndipo si nkhonya iliyonse imene imawerengedwa. Iyenera kufika ndi kutsogolo kwa chibakera, igwere kumaso kapena pathupi pamwamba pa lamba, ndipo ibwere ndi mphamvu ya phewa la mwiniwake. Ija yogwera pamkono, ija yomenya ndi chikhatho ngati ukupha udzudzu, anthu amaikuwira mpaka malata kugwedezeka, koma papepala sifika. "Woweruza alibe makutu," ankatero mkulu uja akutigogoda m'mutu ndi cholembera. Ntchito ya woyimbira pamenepo ndi kutolera timapepalato chigawo chilichonse, osasuzumiramo, n'kukapereka kutebulo.

Komabe woyimbira ali ndi mphamvu imodzi yoposa ya atatu onsewo. Akangopingasa manja m'mwamba n'kunena kuti basi, timapepala tonse tija tasanduka tokulungira mtedza. Wina angakhale ankatsogola chotani, wagonja. Pa nkhani imeneyi mkulu uja sankaseka. Munthu akagwa, kapena akangodzandira ndi nkhonya, umathamangitsira mnzakeyo ku ngodya yopanda mwini, iwe n'kuyamba kuwerenga mokweza, zala zako zili pamphuno pa wogwayo. Ngakhale adzuke pa ziwiri, umawerengabe mpaka zisanu ndi zitatu. Ukafika pamenepo uli ndi kanthawi kopumira kamodzi kokha koti uone ngati munthuyo adakalimo m'thupi mwake. Miyendo imanama. Pakamwa ndiye pamanama kwambiri, pakuti sindinaonepo wankhonya wonena kuti, "Bambo, ndakomoka, ndipulumutseni." Umayang'ana maso. Akakuyang'ana n'kumakutsatira, umamupukuta maluva, zikopa zovala m'manja zija, n'kuwauza apitirize. Maso akamayandama kapena kukuthawa, umaimitsa, anthu atukwane mmene angathere. Lamulo limeneli ndinaliyendera zaka zambiri, ndipo palibe mwana wa munthu amene anafera m'manja mwanga.

Mkamwini wangayo anabwera kwa ine asanakhale mkamwini. Anali Myao wa ku Itepela, m'dera la Ngauma, ndipo ankanyamula anthu ndi katundu pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera pamsika kupita kuchipata cha malire. Tsiku lina anaima pampanda wa sukulu kuonerera ankhonya anga akumenya thumba la mchenga limene ndinapachika pamtengo wa mango, n'kumaseka. Ndinamufunsa chimene chinkamuseketsa. Anati thumba silibwezera. Ndinamuveka maluva pomwepo kuti aphunzire ulemu, koma amene anaphunzira anali wankhonya wanga wamkulu pa onse, amene anapezeka wakhala pansi osadziwa kuti chibakera chachokera kuti. Munthuyo anali wamanzere, ndipo wamanzere ndi chisokonezo: iwe ukutseka khomo ili, iye walowera linalo.

Zaka ziwiri tinali ngati malume ndi mphwake. Ankanditsutsa pamaso, kundiseka mimba, kundiuza kuti ndimawerenga mofulumira ngati ndikuthamangira chapa, minibasi ya kwathu kuno. Ine ndinkamutukwana m'Chinyanja, iye n'kubwezera m'Chiyao akudziwa bwino kuti ndikumva. Sindinadziwe kuti madzi akumwa amene mwana wanga ankatibweretsera pabwalo anali ndi mwini wake. Ndinangodzidzimuka ankhoswe ali pakhomo.

Kuyambira tsiku limenelo maso ake sindinawaonenso. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndipo Ayao ndiye amanyanya. Tikakumana panjira ankapatuka n'kunjuta m'udzu mpaka ndidutse. Akafuna kundiuza mawu ankadzera kwa mkazi wake, apo ayi ankakhala chapatali, cham'mbali, n'kumayankhula ndi nthaka. Kumuphunzitsa nkhonya kunakanika, pakuti sungauze mpongozi wako kuti "kweza dzanja, chitsiru iwe," choncho ndinamupereka kwa mphunzitsi mnzanga. Ndisaname, zinkandikomera. Ndinkadzitama pamsika kuti wanga ndi mkamwini wolangidwa, osati amakono aja olonjera apongozi manja ali m'thumba. Mnzanga wocheza naye ndinataya, koma ndinapeza mwana pakhomo.

Ndipo pakhomo panakoma, inu! M'mamawa ndinkadzuka ndi chingwe chake chodumphira chikumenya nthaka kuseri, tsa, tsa, tsa, kenako mota kukhosomola katatu isanalire. Denga likadontha, madzulo ndinkapeza lakonzedwa, osadziwa kuti wakwera nthawi yanji. Mwana wanga ankasinja akuimba, amake akumunyoza kuti mawu ngati khwangwala. Kenako kunabadwa kamdzukulu kakakazi, kamene kanaphunzirira kuyenda pakati pa khomo lawo ndi khonde langa, kugwa kawiri panjira. Kakagwa ndinkakawerengera ngati wankhonya, ndipo nthawi zonse kankadzuka ndisanafike pa zitatu.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti ku Cuamba kukhala nkhonya zosankha okaimira kumwera kuno ku Lichinga, ndipo opambana kumeneko adzapita ku Maputo. Mkamwini wanga anali asanaonepo nyanja yamchere, ndipo ulendo umenewu anauika pamtima. Wolemera mofanana naye pasikelo analipo mmodzi yekha, Mmakuwa wina wa ku Cuamba komweko, wonyamula matumba a simenti kunjanji, wamfupi, khosi ngati mtondo. Ine ndinapita ngati woperekeza chabe. Mu chapa ndinakhala kutsogolo ndi woyendetsa, iye kumbuyo kwenikweni pakati pa madengu a matemba, ulendo wonsewo.

Tinafika n'kupeza okonza masewerawo thukuta lili kamukamu. Woyimbira amene ankamudikira kuchokera ku Nampula anaphonya sitima yapamtunda, ndipo panalibe wina wodziwa ntchitoyo. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinawauza kuti mmodzi wa omenyanawo ndi mkamwini wanga. Iwo anati, nanga woyimbira amalemba mapontu? Oweruza alipo atatu, ndipo palibe wa ku Mandimba. A mbali ya Mmakuwa ananong'onezana n'kuvomera monyinyirika. Ine ndinapukusa mutu ngati munthu wokakamizidwa n'kuti, "Chabwino, mutu ukakula sulewa nkhonya." Bodza lenileni! Ngati ndinali woperekeza, malaya oyera ndi kataye kakuda zinkafuna chiyani m'chikwama changa? Ndinkafuna. Ndinkafuna Cuamba yense aone kuti mdala wa ku Mandimba sakondera ngakhale wa pakhomo pake.

Inali nthawi yachilimwe, dzuwa litangopendeka, m'nyumba yathonje yomwe ija ndinaphunziriramo. Malata ankatentha ngati chiwaya, anthu atadzaza mpaka m'mazenera. M'malo mwa belu panali chidutswa cha njanji chomenya ndi nyundo. Nditawaitanira onse awiri pakati kuti ndiwakumbutse malamulo, Mmakuwa anandiyang'ana, mkamwini wanga anayang'ana pansi. Sindinaganizepo kanthu. Zaka zinayi ndinali nditazolowera kuona pamwamba pa mutu wake.

Chigawo choyamba anasewera ngati munthu wothyola mango kwa eni ake: kulowa, kuthyola, kutuluka. Dzanja lamanja linkagogoda pamphumi pa Mmakuwa, lamanzere n'kutsatira pansi pa nthiti. Winayo ankaponya zikuluzikulu zongogwera pamikono, anthu a kwawo n'kumakuwa ngati wapha mkango. Ine mumtima ndinkati kuwani, papepala sizifika. Koma kunjaku ndinali wouma. Ndinachenjeza mkamwini wanga kawiri chifukwa chotsitsa mutu, ndipo kamodzi kokha ndi kamene kanali koyenera. Chigawo chachiwiri chinayenda chimodzimodzi, kupatula kuti Mmakuwa anayamba kukha magazi m'mphuno ndi kupsa mtima. Timapepala ndinatolera osasuzumira, koma ndinkadziwa zimene zinalembedwamo.

Chigawo chachitatu chili pafupi kutha, mkamwini wanga anachita chimene ndinkamuletsa kuyambira pansi pa mango paja, kubwerera m'mbuyo molunjika manja ali pansi. Imodzi mwa zikuluzikulu zija inapeza chibwano. Phuu! Anakhala pansi ngati thumba la chimanga lagwa pa mota. Ndinalozera Mmakuwa ku ngodya yopanda mwini, ndinawerama, n'kuyamba kuwerenga m'Chipwitikizi monga timachitira, zala zili pamaso pake. Pa zinayi anadzuka. Anaima mowongoka n'kukweza maluva mpaka pachibwano, monga zimafunikira. Ndinafika pa zisanu ndi zitatu.

"Ndiyang'aneni," ndinatero.

Maso ake anali pa nsapato zanga.

"Ndiyang'aneni kuno!"

"Ndili bwino, bambo," anayankha chapansipansi, osadzutsa mutu.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma m'zingwe mulibe nthawi yodekha. Kumbuyo kwanga kunali munthu wonyamula simenti akudikira kuti amalize ntchito. Pamaso panga panali bambo wa mdzukulu wanga, maso akundithawa. Ndinapingasa manja.

Phokoso limene linabuka sindinalimvepo chiyambire. A ku Cuamba ankavina, a kwathu ankatukwana. Pakati pa zonsezo ndinamva mawu a wogulitsa matemba wina wa ku Mandimba, amene tinakwera naye chapa imodzi. Anakwera pabenchi n'kukuwa kuti, "Mdala iwe wapenga! Ameneyo ndi mkamwini wako! Akuyang'ane bwanji?" Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Zaka zinayi ndikudzitama kuti mkamwini wanga sandiyang'ana kumaso, ndipo tsiku limodzi lokha limene zinali zofunika kukumbukira, ndinaiwala.

Lamulo limati woyimbira aime pakati, agwire onse awiri pamkono, n'kukweza dzanja la wopambana. Aka kanali koyamba kumukhudza chikwatirireni mwana wanga. Mkono wake unali wozizira, ukunjenjemera, ndipo ine ndinati ndi mkwiyo. Ndinakweza la Mmakuwa.

Kutebulo, mmodzi wa oweruza, mayi wina mphunzitsi wa ku Lúrio wodziwa ntchito yake, anandikankhira timapepala tija. Onse atatu, zigawo zonse ziwiri, khumi kwa mkamwini wanga. Wosunga nthawi naye, wopanda chisoni, anandionetsa wotchi. Kunatsala kanthawi kosakwana n'komwera kapu ya madzi. Akanangoima mpaka chitsulo chilire, dzanja lake ndi limene ndikanakweza.

Tinagona ku Cuamba, iye kwa mbale wake, ine kwa mnzanga, n'kubwerera m'mawa mwake. Nkhani inatitsogolera. Mkazi wanga anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, anadikira kuti ndidye, ndiye n'kuyamba.

"Bambo, akuti munamuuza kuti akuyang'aneni?"

"Ndi lamulo."

"Lamulo la kuti? Pamaso pa khamu lonse lija mumafuna mwana wa eni akutong'olereni maso ngati wosavinidwa? Mukanamufunsa dzina la mwana wake. Mukanamuuza ayende muone. Inu ndi maso basi!"

Ndinakalipa, ndinamenya tebulo, ndinati akazi sadziwa nkhonya. Iye anangoti, "Nkhonya sindizidziwa, koma mkamwini ndimamudziwa," n'kutuluka ndi mbale.

Pamsika ndiye kunalibe kopumira. Anyamata a mota akandiona ndikubwera ankatong'ola maso onse pamodzi n'kukuwa, "Tikukuyang'anani, bambo, musatiimitse!" Ena ankati ndinachita dala, nsanje, kuopa kuti mkamwini akaona Maputo ine ndisanaione. Kuseri kwa nyumba chingwe chija chinali zii. Masabata awiri munthuyo sanatuluke, ndipo atatuluka sanavalenso maluva. Ndinati wakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Koma kupita kukagogoda pakhomo pake, ine, mpongozi, mdala wa imvi? Ndinadziuza kuti zizizira zokha.

Titakolola, kunabwera amalume ake ndi akuluakulu ena awiri kudzapempha chitengwa, kuti mwamuna atenge mkazi wake akakhale naye kwawo. Zifukwa anabwera nazo zabwino: mayi ake akukalamba, munda wa ku Itepela ukusowa manja. Pa nkhani zotere bambo wobereka amangokhala ngati mlendo. Woyankha ndi mwinimbumba, mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndipo iye anati munthu amene wakhala bwino zaka zinayi samukaniza. Anaomba m'manja, zatha. Ananyamuka pa kalole kobwereka, mota itamangidwa pamwamba pa katundu. Kamdzukulu kanga kanali mtulo pamiyendo pa amake, moti sitinatsanzikane n'komwe.

Ndinayimbirabe chaka chimodzi, koma manja anali atalemera. Tsiku lina kuno ku Mandimba wankhonya wina anadzandira, maso akuyandama poyera, ine n'kumadzifunsa kuti kodi si manyazi amenewa, kodi si ulemu? Ndikudzifunsa choncho anadya zibakera ziwiri zimene sanayenere kudya. Woyimbira wokayika amapha ana a anthu. Ndinavula kataye tsiku lomwelo.

Mwana wanga ankabwera pakagwa maliro, kapena amake akadwala. Ankagona masiku awiri m'nyumba mwathu, n'kusiya nyemba ndi mawu akuti, "Akuti moni." Mwamuna wake sanapondeko ngakhale kamodzi. Foni kwawoko imagwira munthu akakwera pachulu, ndiye kuyankhulana kwake kunali kwa apo ndi apo, ndipo mdzukulu wanga akapatsidwa foni ankandilonjera m'Chiyao, mwaulemu, ngati akulonjera mphunzitsi. Aaa, zinkandiwawa. M'mawa ndinkadzuka nthawi yomwe ija ya chingwe, n'kumangogona chagada kumvetsera nkhuku za aneba. Ndinkasowa kuimba koipa kwa mwana wanga. Ndipo chimene sindinauze munthu n'chakuti ndinkamusowanso iyeyo, wamanzere wamwano uja amene ankandiseka mimba.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ndinatopa nako kunyada. Ndinagwira tambala wamkulu pa onse n'kumumanga miyendo. Mkazi wanga anati zimenezi sizichitika, mpongozi sanyamula nkhuku kukapepesa kwa mkamwini, nditume mlamu wanga. Ndinati mlamu wangayo ndiye anawapereka, akhale. Ndinakwera chapa ya ku Lichinga, ndinatsika pamphambano, n'kukwera mota yolowera kumapiri a Ngauma, tambala ali m'khwapa akundiipitsira buluku.

Ndinafika dzuwa lisanafike pamutu, n'kuwapeza akupuntha nyemba pabwalo. Mwana wanga anataya ndodo n'kundithamangira, kulira ndi kuseka pamodzi. Mkamwini anayala mphasa pamthunzi, anandilonjera atanjuta, n'kukakhala chapatali, cham'mbali, monga kale. Anali atanenepa pang'ono, imvi ziwiri zitatu zitayamba m'mutu.

Sindinazungulire. Ndinaika tambala pakati n'kunena kuti, "Apongozi, ndabwera ndi mlandu wanga. Tsiku lija ku Cuamba inu munandipatsa ulemu, ine ndinakulandani ulendo wanu. Ndinalakwa. Ndikhululukireni, ndipo bwererani kunyumba."

Iye anayamba kutolatola nyemba m'fumbi. Kenako anayang'ana mkazi wake, ndipo mkaziyo anagwedeza mutu ngati womuuza kuti nenani.

"Bambo, nkhukuyi sindingalandire," anatero. "Tsiku lija sindinazolike chifukwa cha ulemu. Ndinkakufunafunani koma sindinkakuonani. Kunali mdima, mawu anu akumveka ngati muli kutsidya kwa mtsinje. Ndinayang'ana pansi kufuna poponda. Mpaka lero sindikumbuka kuti m'zingwe muja ndinatulukamo bwanji."

Mwana wanga anawonjezera kuti masabata awiri aja amene sankatuluka, munthuyu ankasanza, kuwala kwa dzuwa kukumubaya m'mutu. Kuchipatala anapita mobisa, ndipo kumeneko anamuuza kuti nkhonya ina imodzi yokha, bwenzi tikunena zina.

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. "Zaka zisanu ndi chimodzi! Inu muli phee, ine ndikusekedwa ndi ana a mota!" Ndinaloza mwana wanga. "Ndipo iwe, umabwera kwathu, kudya, kugona, kundiona ndikufota, osatsegula pakamwa?" Iye anati mwamuna wake anamulumbiritsa. Ndinafuna kumutukwana munthuyo monga ndinkachitira kale, koma mpongozi satukwanidwa.

"Anthu atakuwa kuti unali ulemu, ndinakondwa," anapitiriza mkamwini, akuyankhula ndi nthaka. "Zinandiphimba manyazi. Ndinati ndinena mawa. Mawa linafika anthu atayamba kale kukusekani, ine ndikudya za m'munda mwanu, ndikugona pamalo panu. Ndinkakuonani mukuchokera kumsika mutawerama, inu amene munandipulumutsa. Pabwalo paja ndikanadutsa bwanji?"

"Ndiye zatha," ndinatero, mawu atatsika. "Ine ndilibe nanu mlandu, inu mulibe nane. Tiyeni kwathu."

Anayankha ndi mwana wanga, mofatsa ngati akuuza wodwala. Anandilozera munda wa nyemba wotsetserekera kudambo, khola la mbuzi, kanjira kopita kusukulu ya ana, ndi apongozi ake aakazi amene anakhala padzuwa, maso atachita khungu, akudikira wowagwira dzanja.

"Ababa, mukanabwera chaka choyamba chija, bwenzi zonsezi zitanenedwa kalekale, ndipo tikanabwerera," anatero. "Pano tinazika mizu."

Tambala uja mkamwini anamuzinga yekha monga Asilamu amachitira, poti mlendo sabwerera ndi njala. Anandiikira nthutumba ndi chiwindi. Ndinadya chipepeso changa ndekha pamphasa, iye akudyera kuseri. Ndinkatafuna ndikuganiza kuti ndikanakhala wolakwa zikanandikomera, chifukwa wolakwa amapepesa, anthu n'kumukhululukira, n'kunyamula katundu kubwerera. Mlandu umenewu ndi umene ndinaudalira zaka zonsezo, ndipo anandilanda.

Ndinagona usiku umodzi n'kunyamuka. Chapa inanditsitsa ku Mandimba chakumasana, ndipo ndinapeza mkazi wanga ataima pamsewu, chitenje chatsopano m'chiuno, akuyang'ana kumbuyo kwanga kuti aone ngati mutsika enanso.

"Nanga akubwera liti?" anafunsa.

"Akuti sindinalakwe," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandilandira kathumba ka nyemba kamene ana aja anandipatsa, anakasenza pamutu, n'kutsogola.